Mbuzi za Achimwene Zinalibe Mitu

Malemu achimwene athu anali odula nyama. Osati odula nyama wamba ayi, koma a m'shopu yaikulu ya m'tauni, zija umalowa ndi kangolo n'kumatola zinthu wekha. Anagwiramo kuyambira ali mnyamata mpaka imvi zitayamba kutuluka m'mbali mwa makutu. Ankavala zoyera zokhazokha, chipewa, jasi, epuloni, majombo, m'manja magolovesi. Chipinda chawo chinali cha matailosi oyera mbee, chozizira moti ngakhale nthawi yotentha ankavala juzi m'kati. Ntchentche ikalowamo imodzi yokha ntchito inkaima, azibambo a ndevu zawo n'kuyamba kuithamangitsa ndi nsanza mpaka aiphe.

Koma zaka zonsezo achimwene sanaphepo ngakhale nkhuku. Nyama inkabwera pa lole yozizira, yosendasenda kale, yotsukatsuka, yopanda mutu, yopanda ziboda, yopanda zam'mimba. Iwo yawo inali kuichotsa mafupa, kuidula ndi makina, kuiyala pa timbale toyera n'kuikuta ndi pulasitiki. Kwa iwo nyama inali imeneyo basi. Zoti inali ndi maso, inkalira, ankangozimva.

Ndiye shopu ija inagulidwa ndi anthu ena. Atsopanowo anabwera ndi antchito awo, akale onse n'kuwauza kuti zikomo, kapumeni. N'kuti akazi awo a achimwene atamwalira kale, mwana wawo mmodzi yekhayo atakwatiwa kutali, foni yake imangoitana osayankhidwa. Anayesa uku ndi uku, kulikonse ankangowayang'ana imvi. Nyumba ya lendi itawakanika, achemwali athu aakulu anawatumizira mawu kuti bwerani kuno tidzaone chochita.

Ife tonse tinabadwira m'tauni, tinakulira pampopi ndi magetsi. Achemwali okha ndiwo anatsatira banja kutali kuno, ine n'kuwalondola pambuyo. Achimwene anali asanapondeko. Anakwera basi mpaka pomwe msewu wa phula umathera, kenako lole, pamwamba pa matumba, pambali pawo pali nkhumba yomanga miyendo imene inawaipitsira nsapato. Potsika anali ofiira psuu ndi fumbi, nsidze zomwe. Anaima, kuyang'ana uku, kuyang'ana uko. Msewu umodzi, timashopu ta malata adzimbiri, chigayo, bala, msika wa timashedi topendekeka, basi. Anafunsa achemwali kuti nanga kutauni kwake ndi kuti. Achemwali anati mwaimapo pomwepo.

Amuna awo a achemwali, alamu athu, ndi okonza njinga. Si munthu woipa kwenikweni, koma pakamwa pawo sipatsekeka. Anawapatsa achimwene kachipinda kosungiramo matayala akutha, matcheni ndi zigubu za oyilo, pakona pali nkhuku yofungatira mazira m'beseni losweka. Utitiri wa nkhukuyo unkawayenda m'khosi. Chimbudzi chinali kuseri, chitseko chake chiguduli, pansi pogwedera, ndipo ukangosuntha chivundikiro mphemvu zinkatuluka ngati waziitana. Madzi a pamjigo anali achikasu, onunkha dzimbiri. Achimwene ankawasefa pa kansalu, kuwawiritsa, n'kumwera m'kapu yawoyawo imene ankaibisa m'chikwama.

Alamu zimenezi zinkawasangalatsa zedi. M'mawa ankagogoda pa kachipinda kaja n'kufunsa kuti abwana agona bwanji kuhotela, kaya wantchito uja wawasamala bwino, akunena nkhuku. Pakudya ankauza achemwali kuti abwanawa apatseni foloko, zala zawo zingadetsedwe. Akuseka choncho, maso awo ankaperekeza dzanja la achimwene popita kumbale ndi pobwerera. Munthu wamkulu, woti anali ndi nyumba yake ndi makiyi ake, anayamba kudya ngati wakuba. Anaonda, buluku n'kumalimanga ndi chingwe. Ankauza achemwali kuti pakanapezeka pena pogona, ngakhale pakhonde la munthu, bwenzi atachoka kalekale.

Kumapeto kwa msika kunali butchala ya mayi wina wamasiye. Amuna awo ndiwo ankadula, ndiye chimwalirireni inali yotseka. Kuseri kwake kunali kachipinda ka simenti, ka zenera limodzi ndi chitseko cha loko. Mayiwo miyendo inkawavuta, sankayendayenda, koma anamva kuti kwabwera katswiri wa nyama wochokera m'tauni, ndiye anawaitanitsa. Anagwirizana kuti mbuzi azipereka mayiwo, achimwene azidula ndi kugulitsa, kachipindako azigonamo. Anawauziratu kuti malonda akapanda kuyenda makiyi adzabweze, chifukwa pali mlongo wawo amene akuifuna butchalayo maso ali gwa.

Achimwene anasamuka tsiku lomwelo, sutikesi pamutu, osadikira n'komwe kuti alamu abwereko kuntchito. Koma atatsegula butchala ija anabwerera m'mbuyo atagwira pamphuno. Chitsa chodulirapo chinali chakuda bii, m'ming'alu mwake muli mafuta a zaka ndi zaka. Mbedza zadzimbiri, khoma la madontho a magazi, pansi pomata nsapato. Anapala, anakwecha, anathira madzi otentha ndi sopo, anapaka laimu. Chitsa anachigubuduzira kutchire n'kuika thabwa losalala, mbedza anazizula. Pazenera anakhomapo sefa, kwa kalipentala n'kupangitsa kabokosi ka galasi. Kenako anatulutsa m'sutikesi zoyera zawo zija. Anthu atangowaona ndi magolovesi dzina linapezeka lokha, anakhala adokotala.

Wozinga mbuzi anali mdala wina wa diso limodzi, amene ankagwira ntchitoyi kuyambira nthawi ya malemu mwini butchala. M'mawa woyamba anaigwetsa mbuzi kuseri, bondo pamimba, mpeni pakhosi. Mbuzi inaphupha, magazi anachita thovu m'fumbi, ntchentche zinatulukira kaya kuchokera kuti, zobiriwira, zonenepa. Mdala uja atang'amba mimba, fungo la zam'kati linawamenya achimwene pachifuwa, anathamangira kumpanda kukasanza. Pobwerera anapeza mutu uli pamwala, lilime panja, diso likuwayang'ana iwo.

Anatenga thumba, kuikamo mutu, chikopa, ziboda, matumbo, chifu, zonse, kukakumba dzenje kuseri kwa kachipinda kawo, kuthira phulusa, kukwirira. Mdala anangoti kukamwa yasa. Anafunsa kuti ngati zikutayidwadi bwanji osangomupatsa iye. Achimwene anakana. Kushopu kwawo chotaya chinali chotaya, wantchito akatuluka nalo ngakhale fupa ntchito yathera pomwepo, ndiye iwo ankaona ngati akuchita zolongosoka. Mdalayo anapukuta mpeni pabuluku lake n'kumapita, koma chinamukhala kukhosi.

Nyama ija achimwene anaichotsa mafupa onse, kuidula timagawo tofanana, kukulunga m'pulasitiki, kundanditsa m'galasi muja. Kunena zoona inkaoneka bwino, ngati ya pachithunzi. Anthu anabwera ambiri. Ankasuzumira m'galasi, kuyang'ana m'mwamba momwe munkakhala mbedza, kuyang'ana pakhomo, kuyang'anana okhaokha, n'kunena kuti zikomo adokotala, tibweranso. Akatero ankalunjika pansi pa mtengo wa kuseri kwa msika, pomwe bambo wina ankapachika mbuzi yathunthu, mchira uli pomwepo, chikopa chili pansi, mutu pamwamba pake, ntchentche zili yakaliyakali. Ankagula kumeneko, nyama yokhapa ndi chikwanje, ya tizidutswa ta mafupa, yokulunga m'pepala la simenti. Achimwene ankaonerera pasefa, malovu akuwawa m'kamwa.

Achemwali sanawabisire. Anawauza kuti kuno munthu sagula nyama asanaone mutu ndi chikopa, chifukwa ndi pomwe amadziwira kuti ndi nyama yanji, yaphedwa liti, ndiponso kuti sinadzifere yokha. Achimwene anapsa mtima.

"Achemwali, ine ndipachike mutu wa mbuzi pakhomo ngati ndapenga? Anthu amadya nyama, sadya maso. Anangozolowera uve awa, ndiwaphunzitsa ine."

"Aphunzitseni," anatero achemwali, "koma uku mukuphunzitsa, nyamayo ikuwola."

Inkawoladi. Furiji panalibe, magetsi ake ati. M'pulasitiki muja nyama inkachita thukuta, pofika madzulo yasintha mtundu, mawa lake yabiriwira, ukangoboola paketi fungo lake lothawitsa ndi agalu omwe. Nayonso inkapita kudzenje. Mbuzi ina inapita choncho, inanso choncho. Ogula anali namwino wa pachipatala ndi mphunzitsi mmodzi, amenenso anachokera m'tauni, koma anthu awiri sangamalize mbuzi. Mayi wamasiye uja akatumiza munthu kudzafunsa, achimwene ankati auzeni adekhe, anthu akuyamba kumvetsa. Alamu ankadutsa pa njinga, kuliza belu, n'kufunsa kuti adokotala, odwala anu m'galasimo akupezako bwanji. Ankawonjeza kuti nkhuku ija inaswa, pakona pali malo tsopano, asade nkhawa.

Mawu amenewa ankawalasa achimwene kuposa fungo. Ankati akatseka butchala n'kulowa m'kachipinda kawo, kukhoma chitseko, kuika kapu yawo poyera patebulo popanda woiseka, ankamva kuti ndi munthu. Kuganiza zobwerera pakati pa matayala kunkawasowetsa mtendere. Komabe mutu wa mbuzi pakhomo, ayi.

Pamsika anthu anayamba kufunsa mdala wozinga uja kuti kodi adokotala akugulitsa nyama yanji. Iye, m'malo mongonena kuti mbuzi, ankakweza mapewa n'kunena kuti za mitu kafunseni eni ake, iye amangoona thumba likupita kuseri. Mawu amenewo anayenda, kuchigayo, kubala, kumjigo, kulikonse akuwonjezera pawo.

Ndiye tsiku lina la msika, dzuwa lili paliwombo, panafika alonda a pasukulu, chipewa chili m'manja, kumbuyo kwawo chigulu cha anthu. Alondawo ndi bambo ofatsa, oyankhula pansipansi. Anali ndi galu wawo wofiirira, wamkulu ngati mbuzi, amene ankayenda naye paliponse. Tsiku limenelo analibe.

"Pepani adokotala, sikuti ndikukunenani ayi," anatero. "Kungoti galu wanga wasowa, ndiye anthu akuti mwina ndidzafunse kuno. Mukangondionetsa chikopa cha nyama ili m'galasiyi, ine ndizipita."

Achimwene anamva ngati awakhuthulira madzi otsukira mbale kumaso. Anayamba kufotokoza za shopu yawo, za zaka zimene agwira nyama, zoti pamoyo wawo sanagulitsepo chinthu chokayikitsa. Wina kumbuyo anafunsa kuti mbuzi yake yotani yopanda fupa, yopanda mchira. Mayi wina anati nayenso mphaka wake sakumuona bwinobwino masiku ano. Anthu anaseka, koma alonda sanaseke, ndipo ena anali atayamba kugwedeza sefa ya pazenera. Mdala wozinga anali pomwepo, atatsamira khoma, akutokosa m'mano ndi kachitsotso, phee ngati si iye.

Posakhalitsa anatulukira alamu, atakweza mayi wamasiye uja pakaliyala ya njinga. Anachita kukawatenga okha kunyumba kuti adzaone. Mayiwo anatsika movutikira, kumvetsera mbali zonse, n'kunena kuti nkhani yake ndi yaifupi, adokotala aonetse mutu, apo ayi apereke makiyi pomwepo.

Achimwene anatenga khasu. Anazungulira kuseri ndi zoyera zawo zomwezo, gulu lonse pambuyo. Dzenje lija anali akuthiramo chithirirethire, thumba pamwamba pa thumba, nyama yowola pamwamba pa matumbo, ndiye dzuwa lija linali litaphika zonse. Khasu litangolowa kachiwiri linaboola thumba. Fungo limene linatuluka pamenepo sindingathe kulifotokoza. Azimayi anatseka mphuno ndi nsalu, komabe akukankhana kuti aone bwino. Dothi linali kuyenda lokha ndi mphutsi, zoyera, zonenepa, zina zikukwera pamajombo. Achimwene anagwada, kupisa dzanja, golovesi n'kung'ambika pa nyanga, zamadzimadzi zija n'kulowa m'kati mpaka m'zikhadabo. Anakoka mutu wa tsiku limenelo n'kuuika poyera. Wina anati nanga ya dzana. Anapisanso, kutulutsa wina, wofufuma, ubweya ukusosoka wokha. Anapisanso. Anaindanditsa yonse pansi, nyanga zili m'mwamba, misozi ikutsika, kaya ya fungo kaya ya manyazi.

Kalipentala anawerama, kuloza umodzi wa khutu lodula, n'kunena kuti iyi ndi ija anagulitsa iye kwa mayiwa, akuidziwa. Alonda anayang'ana mitu yonse umodziumodzi, n'kuvala chipewa chawo. Anapepesa, anati ndiye kuti galuyo wangotsatira zazikazi, n'kumapita. Anthu anayamba kubalalika akuseka, okhutira ngati aonera mpira. Palibe ndi mmodzi yemwe anati pepani.

Mayi wamasiye za galu analibe nazo ntchito. Maso awo anali m'dzenje, pa zikopa zowola, pa matumbo ndi zifu.

"Bambo inu, masiku onsewa mwakhala mukukwirira zimenezi? Matumbo amene anthu amalimbirana m'mawa? Ziboda? Zikopa zanga?" Anagwira m'chiuno. "Amuna anga akanaona izi bwenzi atafa kachiwiri. Bweretsani makiyi."

Achemwali, amene anali atafika akuthamanga, anagwada pafumbi pomwepo n'kuwapepesa mayiwo. Anati munthuyu si wamwano, kungoti kumene anachokera nyama amaidziwa mwa mtundu wina, amuyese komaliza. Mayiwo anakana, anakananso, kenako anati chabwino, mawa apereka mbuzi imodzi. Dzuwa likakalowa pali kanthu kotsala, ngakhale kachidutswa, mlongo wawo alowa m'butchalamo. Alamu ananena mokweza kuti iwo ayambe apita, akasunthe matayala.

Achimwene anakwirira dzenje lija okha. Anasamba mpaka sopo anatha, fungo osachoka. Jasi ndi magolovesi anaziwotcha. Usiku umenewo sanadye.

Kutacha, mdala wozinga anawapeza ali kutchire, akugubuduza chitsa chakuda chija kubwerera nacho m'butchala. Mbedza anali atazikhomanso m'malo mwake, sefa atazula, kabokosi ka galasi kali panja. Anauza mdalayo, osamuyang'ana kumaso, kuti posenda asiye mchira, ndipo ziboda zikhala zake. Mbuzi anaipachika yathunthu. Chikopa anachiyala pakhomo, matumbo ndi chifu m'beseni. Unatsala mutu. Anaima nthawi yaitali akuuyang'ana, kenako anaugwira nyanga ndi manja awo osavala kanthu, ukadali wofunda, ukudontha, n'kuukoleka pamsomali wa pamphuthu. Ntchentche zinabwera zonse za pamsikapo.

Woyamba kugula anali alonda aja, galu wawo ali pambuyo, wathanzi, akugwedeza mchira. Atatero anthu anayamba kubwera. Ankayang'ana mutu, kutembenuza chikopa ndi phazi, n'kulowa. Ankatosa nyama ndi zala, zala zomwezo zimene angominira, zimene angogwirira ndalama ndi fodya, uyu kutosa, uyo kutosa, kuti ndiduleni apa. Achimwene ankameza malovu n'kukhapa ndi chikwanje, tizidutswa ta mafupa tikuwathovokera kumaso. Matumbo anatha kaye, azimayi akukanganirana. Kawiri konse anatuluka kuseri kukasanza, kutsuka m'kamwa, n'kubwerera pachitsa. Dzuwa lisanapendeke, pambedza panalibe kanthu. Mutu womwe anagula kalipentala.

Madzulo alamu anatulukira ndi wilibala, akuimba kamluzu, akuti abwera kudzanyamula katundu wa abwana. Anasuzumira m'kati, kuona mbedza zili zokhazokha, mluzu unathera panjira. Achimwene anali pachitsa, akupala mafuta ndi mpeni.

"Wilibala mwabwera nayo bwino, alamu," anatero osadzutsa mutu. "Nyamulani kabokosi ka galasi ako, muzikasungiramo manati anu. Potuluka musapondeko chikopa."

Makiyi anakhala nawo. M'kachipinda kaja anakhalamo zaka zonse zotsala, ndipo kwa alamu ankangopitako kukacheza, kumwa tiyi m'kapu yawo, n'kubwerera kwawo. Malonda anayenda, mpaka bambo wa pansi pa mtengo uja anasamukira kwina. Koma kuyambira tsiku lija nyama sanailawenso. Ankadya nyemba ndi masamba, munthu wogulitsa nyama tsiku ndi tsiku. Mutu ankaukoleka atayang'ana kumbali, atagwira mpweya, n'kuutembenuza kuti uziyang'ana kumsewu. Akatseka ankakwecha manja ndi mwala mpaka khungu linasweka ming'alu, ming'aluyo osapola.

Atisiya chaka chino, mvula itangoyamba, atadwala chifuwa kwa kanthawi. Anthu obwera kudzatipepesa ankati bambo aja anazolowera, anasanduka mwana wakonkuno. Ine ndinkangowayang'ana. Anthu omwewo amene anawakumbitsa mphutsi ndi manja. Achimwene sanazolowere kalikonse, ankangopirira kuti azigona m'chipinda chawochawo.

Tsiku lomaliza kuchipatala, mawu akutuluka movutikira, anafunsa achemwali kuti kubutchala watsegula ndani. Achemwali anati mdala wa diso limodzi uja ndiye akugwirizira. Achimwene anafunsanso ngati mdalayo akumasamba m'manja asanagwire nyama. Achemwali anati eya, akumasamba, ndi sopo yemwe.

"Bodza," anatero achimwene, n'kutembenukira kukhoma.